Mwapatsidwa mapiritsi otsitsa mafuta m'magazi? Yendani nawo chonchi

Malume anga atatuluka m'chipatala, sitiroko itawakhudza pang'ono dzanja lamanzere ndi lilime, anabwera ndi timapaketi titatu ta mankhwala. Kena ka BP, kena ka aspirin, kachitatu kolembedwa kuti atorvastatin. Tiwiri toyambato analibe nato vuto, poti BP ankaiona okha ikutsika pa makina, ndipo aspirin ndi wodziwika kuyambira kalekale. Kachitatuko ndinakakapeza patatha miyezi iwiri m'chitini cha masamba a tiyi pamwamba pa kabati, mapiritsi opitirira theka ali phee. Nditawafunsa anangoti, "Mphwanga, mankhwala oti ukamwa sumva kusintha kulikonse, ndi mankhwala amenewo? Kuwonjezera apo akundiphwanyitsa m'ntchafu."

Zimene ananena malumezi ndi zomwe zimasiyitsa anthu ambiri mankhwala amenewa. Ubwino wake suoneka ndi maso, pomwe kupweteka kulikonse kumene kwatipeza timakukankhira pa piritsi. Ndikamba kwambiri za gulu la ma statin, amene mayina awo onse amathera chimodzimodzi: simvastatin, atorvastatin, rosuvastatin, pravastatin. Ndiwo amene pafupifupi aliyense amayambira.

Choyamba: kapepala ka ku labu musangokapinda

Timangoti "andipeza ndi mafuta", wina n'kudzigwira pamimba kuti, ine kuonda konseku mafuta achokera kuti? Si mafuta a pamimba ayi. Mafuta amene akunenedwawo ndi kolesterolo, chinthu chonga phula chimene thupi limafuna popanga ndulu, mahomoni ndi zina, ndipo wambiri amapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, wochokera m'mbale ndi wocheperapo. N'chifukwa chake munthu woonda ngati bango, wolima tsiku lililonse, akhoza kukhala naye wokwera osamva chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa kapepalapo pamakhala mizere inayi: kolesterolo yense, mitundu yake iwiri yotchedwa LDL ndi HDL, ndi triglycerides, amene ndi mtundu wina wa mafuta a m'magazi. Diso lanu likhale pa LDL. Ameneyu ndiye amalowerera m'zipupa za mitsempha ya magazi n'kumaunjikana mmene dzimbiri limatsekera paipi ya madzi. Zaka zikamapita njira imapanikizika, ndipo tsiku lina chounjikanacho chimang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo. Zikachitikira pa mtima, ndi kuja munthu amangogwira pachifuwa n'kugwa. Zikachitikira mu ubongo, ndi sitiroko.

Kwa munthu wopanda vuto lina, kolesterolo yense amafunika akhale pansi pa 5 mmol/L, LDL pansi pa 3. Kwa amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, madokotala amafuna LDL atsike pansi pa 1.8, ena amati mpaka 1.4. Malabu ena amalemba mu mg/dL, ndiye mukaona nambala yaikulu ngati 190 mtima usadumphe. Igaweni ndi 39 ndipo mupeza pafupifupi 4.9. Masamu amenewa ndi a kolesterolo okha, triglycerides ali ndi ake.

Koperani nambala ya LDL m'buku lanu la kuchipatala, ndi tsiku lomwe. Popanda nambala yoyambirayi simudzakhala ndi poyerekezera. Zipatala zambiri zazing'ono zilibe makina oyezera zimenezi, choncho funsani kumene mungakayezetse. Koma ngati munadwalapo kale mtima kapena sitiroko, kusowa kwa makina si chifukwa chochedwetsera mankhwala. Matenda amene munadwalawo ndi umboni wokwanira.

Chachiwiri: funsani kuti, "Adokotala, chifukwa chiyani ineyo?"

Funso limeneli si mwano. Mankhwalawa sathandiza anthu mofanana.

Ntchito yawo amaigwirira m'chiwindi. Amafooketsa kanthu kotchedwa HMG-CoA reductase kamene chiwindi chimapangira kolesterolo. Chiwindi chikaona kuti m'nkhokwe mwachepa, chimayamba kutolera LDL amene akuyenda m'magazi, m'magazimo n'kutsika. Anatulukira statin woyamba ndi katswiri wa ku Japan, Akira Endo, m'zaka za m'ma 1970, ndipo anamupeza mu chuku, chonga chija chimamera pa chakudya chokhalitsa. Woyamba kuloledwa pamsika anali lovastatin, mu 1987 ku America. Koma chimene chinatembenuza mitima ya madokotala ambiri ndi kafukufuku wa ku Scandinavia amene anatuluka mu 1994. Anatsatira anthu 4,444 odwala mtima kwa zaka zoposa zisanu, ndipo mwa amene ankamwa simvastatin imfa zinachepa ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene ankamwa mapiritsi opanda mankhwala.

Kafukufuku wina wambiri wabwera pambuyo pake ndipo akuloza kumodzi: LDL akatsika ndi 1 mmol/L, chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko chimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Tingoyerekeza. Tengani anthu 100 onga malume, oti pa zaka khumi zikubwerazi 30 mwa iwo adzadwalanso. Onse akamamwa, odwalawo atsika kufika cha pa 24. Anthu asanu ndi mmodzi apulumuka, koma palibe amene adzadziwe kuti wopulumukayo ndi iyeyo, adzangoona akulima munda wake monga mwa masiku onse. Ndiye tengani ena 100, achinyamata osasuta, opanda BP, opanda shuga, oti odzadwala ndi awiri okha. Onsewo atamwa zaka khumi, wopindula mwina safika n'komwe mmodzi. Piritsi ndi lomwelo, koma phindu limatsata kukula kwa ngozi imene munthu ali nayo kale.

Opindula kwambiri ndi amene anadwalapo mtima, sitiroko yobwera chifukwa chotsekeka mtsempha, kapena kutsekeka kwa mitsempha ya m'miyendo. Otsatira ndi a shuga, makamaka opitirira zaka 40, a matenda a impso okhalitsa, ndi amene LDL wawo wafika 4.9 kapena kuposa. Otsirizawa afufuze kubanja, chifukwa pali kolesterolo wakumtundu amene amagwira munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250 alionse. Ngati bambo kapena achimwene anagwa ndi mtima asanakwane zaka 55, abale onse ayezetse. Amene ali ndi HIV nawonso afunse. Kafukufuku wotchedwa REPRIEVE, amene anatuluka mu 2023 ndipo anachitikanso ku South Africa ndi Zimbabwe, anapeza kuti pitavastatin anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi pafupifupi 35 peresenti mwa anthu a zaka 40 mpaka 75 amene ali pa ma ARV.

Kwa ine, munthu amene anadwalapo kale alibe chokanganira, amwe basi. Koma wa zaka 35 amene nambala yangopitirira pang'ono, alibe vuto lina, ali ndi ufulu wonse wokambirana ndi adokotala kuti ayambe wasintha kadyedwe miyezi ingapo aone.

Chachitatu: khuthulani mankhwala anu onse patebulo

Tsiku lokalandira, nyamulani chilichonse chimene mumamwa, ngakhale cha m'botolo la asing'anga kapena zija zogulitsa pa WhatsApp zoti zimatsuka magazi. Simvastatin ndi atorvastatin amasungunulidwa m'chiwindi podzera njira imene mankhwala ena amaitseka. Njirayo ikatsekeka, statin amadzadzana m'magazi, ndipo apa m'pamene minofu imavulala zenizeni.

Nkhani ya ma ARV ndiyo yofunika kuinena mosabisa. Kuyambira 2019 anthu ambiri ku Malawi anasamutsidwira pa mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo amenewa sakangana ndi ma statin. Koma amene ali pa mankhwala okhala ndi ritonavir, monga ophatikiza ndi atazanavir kapena lopinavir, simvastatin ndi woletsedwa kotheratu, ndipo atorvastatin amaperekedwa pa mlingo wochepa. Vuto ndi loti ena amalandira ma ARV kuchipatala china, a BP kwina, mabuku awiri, limodzi lobisa pansi pa sutikesi. Wokulemberani statin sangalote zimene simunamuuze. Nyamulani mabuku onse awiri.

Ena oyenera kuwatchula ndi erythromycin ndi clarithromycin, komanso mankhwala akumwa a mafangasi monga ketoconazole, itraconazole ndi fluconazole. Akakhala a masiku ochepa, adokotala nthawi zambiri amangoimitsa statin mpaka mumalize. Amene mumamwa amlodipine wa BP, simvastatin wanu asapitirire 20 mg. Rifampicin wa TB amachita zosemphana: amafooketsa ma statin ena, moti nambala ikhoza kukana kutsika mpaka mutamaliza mankhwala a TB. Manyumwa ndi madzi ake asiyeni ngati muli pa simvastatin, ndipo pa atorvastatin musachulutse. Malalanje, manachesi ndi mandimu alibe mlandu.

Amayi oyembekezera, amene akufuna kutenga pakati ndi oyamwitsa, nenani musanayambe, chifukwa nthawi zambiri mankhwalawa amaimitsidwa. Mukazindikira kuti mwaima muli kale pa mankhwala, siyani kaye mupite kuchipatala, koma musadzizunze ndi mantha. Nenaninso ngati munadwalapo chiwindi kapena impso, ngati chithokomiro chanu n'chofooka, ngati sitiroko yanu inali yophulika mtsempha, komanso ngati mowa mumaumwa kwambiri. Apa musachepetse mabotolo pofuna kuoneka bwino.

Chachinayi: kamwedwe

Piritsi limodzi patsiku, mutadya kapena musanadye. Simvastatin imwani usiku, chifukwa sakhalitsa m'thupi ndipo chiwindi chimapanga kolesterolo kwambiri tikagona. Atorvastatin ndi rosuvastatin amakhalitsa, ndiye sankhani nthawi imene simuiwala. Mukaiwala n'kukumbukira mawa lake, la dzulolo lapita, musamwe awiri.

Awa si mankhwala omaliza ngati LA wa malungo. Mukasiya, pakangotha masabata ochepa LDL amabwerera pamene anali. Ndipo akatha kuchipatala n'kukuuzani kuti mukagule ku famase, samalani manambala. Atorvastatin 10 mg ali ndi mphamvu pafupifupi yofanana ndi simvastatin 40 mg. Amene amamwa atorvastatin 40 akagula simvastatin 40 poona kuti nambala ndi imodzi, watsika kwambiri osadziwa. Wosintha mtundu akhale dokotala.

Chachisanu: m'thupi mukayamba kuphwanya

Apa m'pamene pali nkhani. Ma statin amatha kupweteketsa minofu, zimenezo n'zoona. Manthawo ali ndi kochokera: mu 2001 mtundu wina wotchedwa cerivastatin unachotsedwa pamsika utavulaza minofu ya anthu, ena mpaka kufa. Koma amene tikumwa lerowa ayesedwa pa anthu ochuluka zedi. Mu 2022 akatswiri anaphatikiza kafukufuku 19 wa anthu pafupifupi 124,000, amene sankadziwa ngati akumwa statin kapena piritsi lopanda mankhwala. Odandaula za minofu anali 27.1 peresenti kwa omwa statin, ndi 26.6 peresenti kwa omwa piritsi lopanda mankhwala. Kunena kwina, mwa anthu khumi odandaula, oposa asanu ndi anayi ululu wawo sunachokere ku statin.

Kafukufuku amene amandisangalatsa ine ndi wina wamng'ono wa ku London wa mu 2020, wotchedwa SAMSON. Anatenga anthu 60 amene anali atasiya kale ma statin chifukwa cha zowawa, n'kupatsa aliyense mabotolo 12, limodzi pamwezi. Anayi munali atorvastatin, anayi mapiritsi ofanana nawo koma opanda mankhwala, anayi opanda kanthu. Miyezi ya mabotolo opanda kanthu anthu ankamva bwino. Koma miyezi ya mapiritsi opanda mankhwala ankamva kuwawa pafupifupi mofanana ndi miyezi ya statin weniweni. Ataonetsedwa zotsatira zawo, theka la iwo anayambiranso kumwa. Sikuti ankanama. Ululu unalipo ndithu, koma chimene chinkaudzutsa ndi kumeza piritsi limene munthu akuliopa.

Ndiye mukamva kuwawa, yambani mwadzifunsa. Ululu wa statin umakonda minofu ikuluikulu, ntchafu, akatumba, matako ndi mapewa, ndipo umagwira mbali zonse ziwiri mofanana. Umayamba patangopita masabata kapena miyezi yochepa chiyambireni mankhwala, kapena atawonjezera mlingo. Bondo limodzi, msana wokha, zala zochita dzanzi, kapena ululu umene wayamba mutamwa kale zaka zitatu popanda chosintha, kawirikawiri wolakwa ndi wina. Kumbukiraninso kumene tikukhala. Kuphwanya m'thupi ndi kutentha, yambani mwayezetsa malungo. Ngati dzulo munali kugalauza mizere kapena kusenza matumba, khasu nalo lili ndi mlandu wake.

Mukaona kuti zikuloza ku piritsi, pitani mukanene, musaliponye m'chitini mwakachetechete. Adokotala akhoza kuyeza magazi otchedwa CK amene amaonetsa ngati minofu ikuonongeka, ndi kuona chithokomiro. Njira yodziwika ndi yoimitsa mankhwala masabata awiri kapena anayi. Ululu ukapitirira, statin alibe mlandu. Ukatha, mumayambiranso n'kuona ngati ubwerera. Ukabwerera, pali zochita zambiri: kutsitsa mlingo, kusinthira ku mtundu wina monga rosuvastatin kapena pravastatin, ngakhale kumwa modumphitsa masiku adokotala akalola. Kutsitsa mlingo sikutaya zambiri monga mmene anthu amaganizira, chifukwa mphamvu yaikulu ili mu mlingo woyambirira, ndipo kuwirikiza kawiri kumangowonjezera pafupifupi 6 peresenti pa kutsika kwa LDL.

Malume tinabwerera nawo kuchipatala ndi chitini chawo chomwecho. Zinapezeka kuti ntchafu yowawayo inali imodzi yokha, ya mbali imene sinagwidwe ndi sitiroko, imene inkasenza thupi lonse poyenda. Komanso inali ikuwawabe ngakhale anali atatha mwezi wathunthu osamwa. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti ndamunamizira mnzangayu."

Chachisanu ndi chimodzi: zizindikiro zosadikira mawa

Pali vuto limodzi losowa kwambiri, logwira anthu ochepa chabe pa 100,000 alionse pachaka, koma loopsa. Minofu imasungunuka, zotuluka mmenemo n'kukatseka impso. Munthu amamva ululu woopsa thupi lonse, kufooka koti kudzuka pampando kapena kukweza manja kukukanika, ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka kapena Coca-Cola. Mukaona zimenezi siyani piritsi nthawi yomweyo, imwani madzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafika nenani dzina la mankhwala. Mkodzo wakuda umabweranso ndi malungo aakulu, choncho mulimonsemo si za kunyumba. Chimodzimodzi maso akachita chikasu, kapena nkhope, milomo ndi lilime zikatupa.

Chachisanu ndi chiwiri: shuga, chiwindi ndi zonena anthu

Zoti ma statin amakweza shuga pang'ono n'zoona. Kafukufuku wa mu 2010 anapeza kuti pa anthu 255 omwa kwa zaka zinayi, mmodzi amapezeka ndi shuga amene akanapanda kumwa sakanapezeka naye nthawi imeneyo, ndipo ambiri amakhala oti anali kale m'malire. Matenda a mtima ndi sitiroko opewedwa pa anthu omwewo ndi ochulukirapo. Amene muli kale ndi shuga musasiye, inu ndi amene mumapindula kwambiri. Muzingoyezetsa monga mwa nthawi zonse.

Chiwindi chimayezedwa musanayambe ndiponso pakatha miyezi ingapo. Nambala ya ALT, yoonetsa mmene chiwindi chilili, ikakwera pang'ono si chifukwa chosiyira, imadetsa nkhawa ikapitirira katatu pa malire. Mutu, mseru, kudzimbidwa kapena kutsegula m'mimba zimabwera kwa ena masiku oyamba ndipo zimakonda kutha zokha. Zoti mankhwalawa amabweretsa khansa kapena kusokoneza mutu pokalamba, kafukufuku wamkulu sanazipeze.

Chomaliza: bwererani pakatha miyezi itatu

Poti thupi silikuuzani kanthu, wokuuzani ndi labu. Yezetsaninso pakatha miyezi iwiri kapena itatu, muike nambala yatsopano pafupi ndi yakale ija. Atorvastatin 20 mg amatsitsa LDL ndi 40 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, 80 mg amapitirira theka. Ngati sizinasunthe, funso loyamba ndi loti mwamwa masiku angati, ndipo liyankheni moona, chifukwa mukanama adokotala akuwonjezerani mlingo pachabe. Ngati mwamwa mokhulupirika koma sizikufika, pali ezetimibe 10 mg, amene amatchinga kolesterolo m'matumbo n'kutsitsa LDL ndi pafupifupi gawo lina limodzi mwa asanu. Kulinso majekeseni amphamvu monga evolocumab ndi inclisiran, amene abale athu a ku Britain angawamve akutchulidwa, koma mtengo wake ndi wosayamba. Zinthu zikakhazikika, kuyezetsa kamodzi pachaka n'kokwanira.

Piritsi si chilolezo chokakhalira pa chiwaya. Chepetsani nyama yonona, mang'ina, chikopa cha nkhuku, majarini wolimba, ndi tchipisi kapena mandasi okazingira mafuta obwerezabwereza aja ada bii. Nyemba, nandolo, khobwe, soya, therere, masamba otendera, mapeyala, usipa ndi nsima ya mgaiwa ndi zakudya zoti mtima umakondwera nazo, ndipo zambiri ndi zotsika mtengo kuposa zimene mukusiyazo. Fodya ndiye wosiyiratu, ndipo BP isaiwalike, chifukwa imaononga mitsempha yomweyo.

Mapiritsi akatsala a sabata imodzi, yambani kale kufunafuna ena, makamaka nyengo ya mvula pamene misewu imavuta. Muwasunge m'paketi yawo pamalo ouma, kutali ndi moto wa kukhitchini ndi manja a adzukulu. A malume tsopano amakhala pawindo la kuchipinda, pafupi ndi wailesi imene amatsegula ikamakwana nthawi ya nkhani za usiku.